Laputopu Yokana Kudzisesa

Pa Nsaru ponse panalibe munthu wondiposa kunenerera mtengo. Ndinkatero ndine ndemwe, ndipo ndinkazikhulupirira.

Chaka chimene ine ndi alamu anga tinayamba bizinesi yoika nyimbo m'mafoni a anthu, aliyense yakeyake, tinakagula malaputopu akaunjika m'tauni, kwa munthu mmodzi. Alamuwo anangolipira ngati akuponya chopereka m'mbale. Ine ndinanenerera mpaka wogulitsa anapukuta thukuta. Makina onse awiri anawatchera kuti Lachitatu lililonse masana azidzisesa okha, kuchotsa zinyalala zobwera ndi mamemori a anthu.

Patapita miyezi, ya alamu inkathamangabe ngati njinga pamtsetse. Yanga inkayamba yaganiza kaye, kasitomala n'kuyasamula, n'kuwolokera tsidya lina la msewu, kwa alamu. Mzere wa pakhonde pawo ndinkauyang'ana mtima ukuwawa. Ndinauza mkazi wanga kuti achimwene akewo anapatsidwa makina abwino mwamseri. Iye anangoti mwina n'chifukwa choti iwo sanamulize wogulitsa uja.

Ndinabwerera nayo m'tauni nditakonzekera ndewu. Wogulitsa anatsegula pamene pamalembedwa ntchito zotcheredwa, n'kundionetsa kuti yanga sinasesepo ngakhale kamodzi. Anafunsa kumene imakhala Lachitatu masana. Ndinati ikapanda kasitomala imakhala m'chikwama, yothimitsa, chifukwa ndimatchajitsa kwa ometa ndipo moto sindiuseweretsa.

"Bwana, iyi imasesa ikakhala yoyaka, ili pamagetsi, popanda woigwira. Inu mumaizula isanakhute n'komwe."

Ndinayesa kunenereranso. Ndinati aitchere kuti izisesa ili pabatire. Anati batire limene anandiikira nditatsitsa mtengo lija lingafe tsache lili m'manja.

Ometa anakana zoti laputopu izigona pasoketi yawo masana onse. Sola yokwanira inali kwa alamu okha.

Ndiye Lachitatu lililonse ndimaikolekera paphewa n'kuwoloka msewu. Alamu amandilandira bwino, mpaka kundipukutira mpando, ndipo zimenezo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Makasitomala anga amanditsatira konko, n'kupeza laputopu yanga ili mkati mosesa, yosafuna kugwiridwa.

"Khalani pansi alamu, mupumeko. Anthu anuwa ndiwathandiza ndine, eti?"

Ndimavomera ndi mutu. Ena mwa anthuwo Lachinayi sabwereranso kwanga.

Makina anga tsopano akuthamanga ngati awo, ndipo moto wa Lachitatu ndimadya waulere. Kodi inu mukuona kuti anapambana ndani?