M'kamwa mwa nsomba ya mkuwa

Tsiku limenelo ndinali nditanyika matewera m'beseni. Kunali ku Joni, m'tauni ina yopanda nyanja. Mwana wanga Chimango anali asanamere mano. Bambo ake, a Longwe, ankamwa tiyi choimirira, kufulumira ku ganyu yomanga.

Tinamva mluzu kumunsi kwa msewu. Kenako magalasi kusweka. Mayi wa chipinda choyandikana, mbadwa ya komweko, anagogoda pawindo nati gulu la anthu likusaka alendo khomo ndi khomo. Anatiuza kuti tisayankhule panjira, angatidziwire pa lilime.

A Longwe anandibereketsa mwana, chitenje anamanga okha. Mfundo yake inali ija amamangira bwato. Mng'ono wawo ankagona kuseri kwa msika, ndiye anati akamutenge kaye. "Ukandidikire pa nsomba paja," anatero. Tiyi sanamalize.

Nsombayo inali chiboliboli cha mkuwa pakati pa tauni, chachikulu ngati boti, kukamwa kuli yasa. Eni tauni ankati ukaisisita pamphuno umapeza mwayi. Thupi lonse linali lakuda, mphuno yokha ndiyo inkawala. A Longwe ankaiseka, ati si chambo si batala, woiumbayo sanaonepo nsomba. Koma m'mawa podutsa ankaisisita ndithu. Ine ayi. Ndinakulira mu mpingo ku Bandawe, ndinkati ndi fano.

Ndinathamanga. Patapata wina anaduka, ndinamusiya. Sitolo ina inkayaka. Pamsewu panamwazika shuga, ankamata kuphazi. Pa nsomba ndinapeza palibe munthu.

Gulu lija linatulukira pakona, zikwanje ndi zibonga m'manja, likuimba. Chitenje chakwathu chimaonekera patali. Mfundo ija inakana kumasuka, ndiye ndinachivulira kumutu, mwana ali momwemo. Ndinamulowetsa m'kamwa mwa nsomba. M'katimo munali mapepala a maswiti ndi timadzi ta mvula. Ndinaima motchinga, dzanja pamphuno paja, ndikusisita mmene amachitira eni ake.

Mnyamata wina anandiyang'ana. Ananena mawu m'chiyankhulo chawo, anzake anaseka. Ine ndinasekanso. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinaseka. Mkuwa unali wotentha. Mwana sanalire. Gulu lija linadutsa.

Ndinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense wa malaya obiriwira ngati amene a Longwe anavala ndinkamutsata ndi maso. Apolisi anabwera ndi lole yotengera alendo ku kampu, ine ndinakana kukwera. Wapolisi wamkazi anangonyamula mwana nakwera naye. Ndinatsatira.

Ku kampu ndinamupeza mlamu wanga uja. Anati akulu ake sanafikeko kwa iye.

Basi yotibweza kumudzi inatitula pa Chintheche kukuwaza mvula. Apongozi anga anamva nkhani yonse osandidula. Nditamaliza anatenga mwana, namununkhiza pamutu, nati, "Uyu ndi Yona." Dzina la Chimango linathera pomwepo.

Pano Yona amathamanga, amatola usipa wogwa pathandala. Basi ikaima pamsewu ndimasiya chinangwa chimene ndikusenda, ndimatuluka. Obwera kuchokera kumeneko amati nsomba ija ilipobe, mphuno ikuwalabe. Ndimawafunsa ngati anaonapo munthu ataima pambali pake. Amati anthu amaimapo ambiri.

Chitenje chija chili m'sutikesi. Mfundo yake sindinaimasule.