Lupsa la ku Swords

Ndinali ndi zaka khumi, nditangofika kumene ku Swords, tauni ya kudziko la azungu, kuchokera ku Ntcheu, pomwe ndinaseketsa kalasi yonse ndi Chingerezi changa choyamba. Aphunzitsi anationetsa chithunzi cha thambo lowala mobiriwira kuseri kwa mapiri. Ine, katswiri wosoka mbewa, ndinakweza mkono n'kufunsa kuti watentha tchire ndani. Anzanga anaseka mpaka kumenya madesiki. Kunali kuwala kumene kumaoneka kumwamba m'maiko a kumpoto, komwe akuti northern lights. Ndinalumbira chamumtima kuti pasukulu imeneyo sindidzatsegulanso pakamwa.

Kenako anatigawira mapepala akuda ndi choko chamitundumitundu kuti tijambule kuwalako. Anzanga ankalemba mizere n'kumaifikisa ndi zala. Ndinachita mantha, chifukwa kwathu ukadetsa ntchito yako chotero, rula inkakupeza m'manja. Ndinajambula mizere yanga mwaukhondo, yowongoka ngati mpanda wa bango.

Aphunzitsi anaima pambali panga. Ndinatambasula chikhatho kudikira chilango, koma iwo anagwira chala changa chachikulu, n'kuchikankhira m'mwamba pamzere umodzi. Chokocho chinafuka, pepala linayaka! Apo mpamene ndinadziwa chochita. Lupsa likakhala kuseri kwa phiri limawala kwambiri m'munsi, n'kumazirala pokwera. Ndinafikisa momwemo, ndi zala, ndi chikhatho, mpaka ndi mkono wa juzi.

Mtsikana wina amene anaseka kuposa onse anasuzumira pepala langa, n'kukankhira lake kwa ine. Ankafuna ndimuonetse. Lumbiro langa linatha lisanafike ngakhale nthawi ya buleki. Ndinamufotokozera m'Chingerezi chothyokathyoka, pomwe chandithera n'kumaikapo Chichewa, iye akungogwedeza mutu.

Lero ndimawerenga chilichonse chimene ndachipeza, ndipo ndikumvetsa kuti zomwe mwana wabwera nazo kuchokera kwawo si zofufuta. Koma tsikulo ndinkangoganiza za juzi, popeza inali imodzi yomweyo. Pamasitepe a fulati yathu ndinakumana ndi anti Nachisale, oyandikana nafe, akuchokera kuntchito yosamalira okalamba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndili wobiriwira ngati bilimankhwe.

"Anti, amayi andipha," ndinatero.

"Akuphe chifukwa cha choko? Bweretsa juziyo, ndiiponya mu machine yochapira pamodzi ndi uniform yanga. Iwe, masiku onsewa umabwera woyera ngati wochokera kutchalitchi, ine n'kumada nkhawa. Lero ndiye wapitadi kusukulu."