Mlongo Wake wa Zainabu

Linali Lachinayi, pa 24 Febuluwale 2022, nthawi itangokwana 5 koloko m'mawa. Ndinali m'bafa, ndikutawaza kuti ndiswali. Galasi la pawindo linanjenjemera. Ndinayesa bingu, popeza kwathu ku Malengachanzi mwezi umenewu ndi wa mvula. Linanjenjemeranso kachiwiri. Galu anayamba kuuwa pabedi pa apongozi ake a Esnati.

Esnati ndi mnzanga wa paubwana. Tinkainga mbalame limodzi m'minda ya mpunga. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5. Iye anapitirira, anapita ku Ukraine kukaphunzira udokotala, nakwatiwa ndi mwamuna wa komweko, dzina lake Andrei. Ankakhala m'tauni yaing'ono kunja kwa mzinda wa Kyiv. Atabereka mwana wamwamuna, Danilo, anandiimbira foni.

"Asiyatu, bwera udzaone kunja. Ndasowa woseka naye m'Chichewa."

Tikiti anagula yekha, mapepala anayendetsa yekha. Kuti ndipite, ndinamuletsa kuyamwa mwana wanga Zainabu. Anali ndi chaka ndi miyezi inayi. Ndinapaka tsabola kubere, ndipo anangolawa kamodzi. Ndinamusiya m'manja mwa amayi anga.

Nditafika, kuseka sindinakupeze. Ndinkachapa, kukolopa ndi kutsuka mbale. Mbale ya galu ankaiponya musinki pamodzi ndi zathu. Galuyo ankavala juzi. Ankawanyambita apongoziwo pakamwa, iwo n'kumaseka. Kukabwera alendo, Esnati ankandilankhula Chingerezi. Ndikamubereka Danilo ndi chitenje, apongozi ankandimasula, akuti apindika miyendo. Mwanayo ankagona m'chikuku ndipo ankamwa mkaka wam'chitini, chifukwa mayi ake ankasowa tsiku lonse kuchipatala. Ine sindinkayankha. Kuyambira ndili mwana, pakamwa panga ndi polemera.

Lachinayi lija, nkhondo itayamba, tinabisala m'chipinda cha pansi pa nyumba, mmene ankasungiramo mbatata. Munkanunkha nkhungu. Bomba likagwa kutali, fumbi linkayoyoka kudenga n'kugwera patsitsi la mwana.

M'mawa mwake Andrei anatitengera kusiteshoni ya sitima ku Kyiv. Amuna a dzikolo sankaloledwa kutuluka m'dziko. Ataona kuchuluka kwa anthu, anamutulutsa Danilo m'chikuku. Analoza chitenje changa, kenako analoza msana wanga. Amayi ake anayamba kulongolola, iye sanawamvere. Ndinamubereka mwanayo, ndipo Andrei anavula jekete lake lalikulu n'kutifunditsa tonse awiri. Anamugwira Danilo kaphazi. Kenako anabwerera kugalimoto ali ndi juzi yokha.

M'chikuku munalowa katundu. Munalowa zitini za mkaka, mabotolo, mapepala a mwana ndi thumba la chakudya cha galu. Esnati ankakankha. Apongozi anali patsogolo, galu ali pachifuwa.

Sitima itafika, anthu anathamangira pazitseko. Pakhomo lililonse panaima mwamuna wa yunifomu. Apongozi analankhula naye m'chinenero chawo, anamukoka Esnati padzanja, ndipo onse analowa ndi chikuku chawo. Nditaponda sitepe, mwamunayo anandiika dzanja pachifuwa n'kundikankha. Anandilozera kumbali, kumene kunaima anthu ena akuda.

Kumeneko mwana samubereka kumsana. Iye anangoona munthu wakuda wovala jekete lotukumuka. Liwu loti mwana m'chinenero chawo sindinkalidziwa. Ndinayesa kutembenuka kuti aone, koma anthu anali atandipanikiza mbali zonse. Mayi wina anandidutsa ndi mphaka m'dengu. Analowa. Ndinamva Esnati akukuwa mkati. Chitseko chinatsekeka.

Foni inalira sitima isanathe kutuluka m'siteshoni. Esnati ankalira moti mawu sankamveka bwino. Anati ndikwere sitima iliyonse yopita ku Lviv, kuchokera kumeneko ndilunjike kumalire a dziko la Poland. Apongozi ankalankhula pambali pake. "Akuti usamupatse chilichonse chachilendo," anatero.

Pagulu la anthu akudawo ndinamva mtsikana wina akutukwana m'Chinyanja. Anali wa ku Chipata, wophunzira unamwino, dzina lake Misozi. Ndinamugwira malaya. Ndinamuonetsa mwana.

"Amama, ka mzungu aka mwakaba kuti?" anatero. Sanaseke, inenso sindinaseke. Anandigwira dzanja ndipo sanalisiyenso.

Tinakwera sitima ina titadikira tsiku lathunthu. Malo tinawapeza pakhomo la chimbudzi. Chimbudzicho chinali chitadzaza, madzi ake ankatuluka pansi pa chitseko n'kumanyowetsa nsapato. Magetsi anawazimitsa kuti ndege zisatione.

Danilo anali ndi miyezi inayi. Kuyambira kusiteshoni anali asanadye kanthu. Ndinamudonthezera madzi ndi chala, anawalavula. Misozi anayenda m'sitima monse kupempha mkaka. Amene anali nawo ankaufungatira. Sindikuwanena, nawonso anali ndi ana. Mwanayo analira mpaka mawu anatha. Anangotsala kuyasamula kukamwa ngati kansomba kapamchenga. Liwombo linali litalowa.

Ndinakhala pansi ponyowapo. Ndinatsegula jekete. Panali patapita miyezi iwiri chimuletsereni Zainabu, koma ndikamasamba timadontho tinkatulukabe. Danilo anakana kaye, sankalidziwa bere. Ndinamufinyira pamlomo. Anagwira. Zinkapweteka ngati akundicheka ndi lezala. Poyamba kunalibe kanthu kwenikweni, koma ndinamusiya akoke. Misozi ankandimwetsa madzi ndi kundidyetsa mabisiketi ake. Pofika ku Lviv, ndinamva mwana akumeza.

Kwathu kumadrasa anatiphunzitsa kuti mwana akayamwa kwa mkazi mpaka kukhuta kasanu, ameneyo ndi mwana wake, ndipo ana a mkaziyo ndi abale ake. Ndinkazidziwa zimenezi pamene ndinkatsegula jekete.

Kuchokera ku Lviv tinakwera basi. Inatitsitsa kutali ndi malire chifukwa magalimoto anali atatseka msewu. Tinayenda wapansi. M'mbali mwa msewu munali masutikesi otayidwa, zikuku zothyoka mawilo, matewera ogwiritsa kale ntchito atauma ndi chisanu. Zala zakumapazi sindinkazimva. Kumsana kokha n'kumene kunali kotentha.

Pachipata panali mizere iwiri. Wina unkayenda. Wathu sunkayenda. Mnyamata wina wa ku Ghana anafunsa chifukwa chake, anamumenya ndi thako la mfuti paphewa. Tinayatsa moto ndi makatoni ndi mabotolo apulasitiki. Utsi wake unkatsamwitsa.

Danilo atalira, ndinamutsitsa kumsana kuti ayamwe. Chipewa chake chinagwa. Mayi wina wa yunifomu ankadutsa, anaona tsitsi lofiirira ndi khungu loyera. Anaima. Anaitana anzake. Anthu omwe aja amene ankatiyang'ana ngati zinyalala anandigwira pamkono mwaulemu n'kundilowetsa m'chipinda chofunda. Anandipatsa tiyi ndi bulangete. Ndinaloza Misozi kunja, anapukusa mutu.

Anafuna kudziwa kuti mwana ndi wa ndani. Ndinawapatsa foni. Apongozi, amene anali atawoloka kale, analankhula nawo nthawi yaitali, ndipo Esnati anatumiza zithunzi za mapepala. Anadinda pasipoti yanga osandiyang'ana kumaso. Potuluka ndinaona Misozi ali pamzere pomwe paja, manja ali m'khwapa. Tiyi uja sindinamumwe. Ndinamusiya patebulo.

Ku Poland anatiika m'holo yaikulu ya sukulu, mabedi ali m'mizere. Esnati anandiona ndili pakhomo. Anathamanga wopanda nsapato, anandimasula chitenje, anamukumbatira mwana wake n'kukhala pansi. Analira nthawi yaitali. Kenako anadzutsa mutu.

"Nanga wakhala akudya chiyani masiku onsewa?"

"Ndamuyamwitsa."

Apongozi anafunsa kuti ndati chiyani. Esnati anazengereza, kenako anawauza. Mayiwo anali akudyetsa galu wawo soseji ndi zala. Anatenga kapepala konyowa, anamutsegula Danilo kukamwa ndi zala zomwezo, n'kuyamba kupukuta lilime ndi nkhama. Anapukuta kawiri, kapepalako n'kukataya kutali. Kenako ananena mawu ena akundiloza.

"Akuti mawa ukayezetse magazi," anatero Esnati, maso ali pansi. "Usawatengere, Asiyatu, ndi mmene alili. Komabe nawenso ukanayamba wandifunsa."

Magazi ndinali nditayezetsa kale kusikelo ya Zainabu, komanso popanga mapepala a ulendowu. Esnati ankadziwa, zotsatira zake anazitumiza yekha. Sindinamukumbutse. Ndinapita kumpopi, ndinatsuka mkamwa mwanga, sindikudziwa chifukwa chake.

Madzulo Esnati anamupangira mwana botolo. Danilo analikankha ndi lilime. Apongozi anayesa, anasintha nsonga, anasintha botolo. Mwana ankangotembenuzira mutu kumene kunali ine. Atatopa, apongozi anatuluka ndi galu kukamuyendetsa. Esnati anabwera pabedi panga ndi mwana.

"Chonde, mnzanga. Pita naye kuchimbudzi, asakuone."

Ndinamulandira. Kuchimbudzi sindinapite, ndinangofunda bulangete. Esnati anaima potchinga, akuyang'ana kukhomo ngati tikuba.

Ndikulemba izi ndili kwathu, kuti Zainabu akadzadziwa kuwerenga adzadziwe kuti ali ndi mlongo wake ku Ulaya. Nditabwerera, anandithawa, ankabisala kumbuyo kwa agogo ake. Pano anandizolowera. Misozi anawoloka patapita masiku, zala ziwiri zakuphazi madokotala anamudula chifukwa cha chisanu. Andrei sanabwerenso kunkhondo. Jekete lake lili m'sutikesi mwanga, kuno kulibe nyengo yolivalira. Esnati amatumiza zithunzi za Danilo nthawi zina. Za bere sitinakambiranenso.

Koma m'mawa wa tsiku lotsatira, m'holo muja, mwana atalira, sindinadikire kuti apongozi atuluke. Ndinamunyamula pabedi pa mayi ake. Ndinakhala moyang'anizana ndi mayiwo, ndinachotsa bulangete, ndinamuyamwitsa poyera ngati mmene timachitira kwathu pakhonde. Analankhula zambiri. Esnati sanamasulire. Danilo atakhuta, ndinamugeyetsa paphewa, ndinamupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje changa, n'kumupereka kwa mayi ake. Ndinauza Esnati kuti ndikhala mpaka mwana azolowerenso botolo, osapitirira pamenepo. Kenako ndinapita patebulo la pakhomo, pamene ankalemba mayina a ofuna kubwerera kwawo, ndipo ndinatchula dzina langa mokweza kuti asandifunse kawiri.