Njere Imodzi ya Nandolo

Foni ya amalume inali ndi mng'alu wochokera pakona mpaka pakati, ndipo anaimanga ndi mphira wa chubu kuti batire isagwe. Ndi chinthu chokhacho chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni, kupatula chifuwa chachikulu. Tinali kwathu ku Jenala, ine ndili kamtsikana ka kupulaimale, nyengo yokolola nandolo.

Amalume, achimwene awo a amayi, anali atataya mtima. Ankagona pakhonde atayang'ana kukhoma, mapilisi a kuchipatala osamwa, phala n'kumazizira ntchentche zikulizungulira. Ndinamva amayi akuuza anzawo pomenya nandolo kuti munthuyu mvula yoyamba saiona. Ndinachita mantha, koma mantha a mwana sachedwa kuiwalika.

Tsiku lina anandiponyera foniyo kuti ndisiye kuwasokosera. Munali masewera a msilikali wolimbana ndi chilombo chovala chishango. Msilikaliyo anali ndi timabotolo tomuwonjezera mphamvu, ndipo ine ndinamumwetsa tofiira titatu nthawi imodzi, poganiza kuti zili ngati shuga mutiyi. Chilombo chinamumeza ndithu.

"Wawononga, iwe mwana," anatero amalume, atatembenuka. "Zofanana sizikwerana. Kachiwiri kamangofufuta koyamba."

Kunyumba kunalibe magetsi. Foni inkakatchajidwa ku Migowi, kwa wometa tsitsi, ndipo batire yake inali yaulesi kuposa ine pa nthawi yotsuka mbale. Choncho nkhondo tinkayamba kumenyera pansi, ndi njere za nandolo. Amalume ankaika njere zinayi pafumbi, amvekere ndiyo nkhonya ya msilikali. Kabotolo kofiira kamawonjezera theka, zikhala zisanu ndi imodzi. Ukaswa chishango cha chilombo, pabweranso theka lina. Ine ndinkathamangira kuikapo ziwiri.

"Zitatu," ankatero. "Theka la zimene zilipo tsopano, osati zimene unayamba nazo."

Kusiyana kwake kunali njere imodzi yokha. Ndinkaona ngati akungondivuta, koma chilombocho chinkapulumuka ndi kamoyo kochepa ngati ulusi, ndipo njere imeneyo ndi imene inkasowa. Nacho chinali ndi zake: chinkalavulira msilikali poizoni, kenako chisanu, chilichonse n'kumadula pa mphamvu zotsala. "Zoipa nazo zimakwerana," anatero amalume tsiku lina, n'kutsokomola mpaka misozi. Lero ndikakumbukira mawuwa, mumtima mumandiwawa.

Apa m'pamene amayi analowererapo. Analanda foni n'kuimangirira pachitenje. Lamulo lawo linali limodzi: "Achimwene, phala, mapilisi, kenako muyende kukafika pamtengo wa mango. Mukatero foni ituluka." Ndinawada amayi nyengo imeneyo, ndinene zoona. Ndinkaima pafupi ndi mkeka n'kumawakakamiza amalume kuti ameze msanga, chifukwa chilombo chikutidikira. Iwo ankatukwana chapansipansi m'Chilomwe, koma ankameza. Phalalo linali lotsira nsinjiro, ndipo fungo lake ndimalimvabe.

Poyamba ankafika pamtengo wa mango atanditsamira paphewa, dzanja lawo lopepuka ngati phesi. Kenako anayamba kundisiya m'mbuyo. Kutentha kwa Okutobala kutafika, anali akuthandiza kusoka matumba a nandolo, uku akundinena kuti mutu wanga ndi wouma ngati chishango cha chilombo.

Tinachipha m'mawa wina kukununkhira dothi lonyowa, mvula yoyamba itagwa dzulo lake. Ndinaswa chishango, ndinamwetsa msilikali kofiira kamodzi kokha, ndinadikira kuti chisanu chimuchoke, kenako ndinamenya. Ulusi uja unaduka. Ndinathamanga kuzungulira nkhokwe ndikukuwa, amalume akuseka pakhonde popanda kutsokomola.

Amayi anatulukira pakhomo, khasu lili m'manja. Foniyo sanaiyang'ane n'komwe. Anayang'ana achimwene awo, kenako bwalo lonyowa, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Ine ndinaganiza kuti akulirira chilombo chathu, ndipo ndinadabwa. Sindinkamvetsa chifukwa chimene mayi wodana ndi masewera a pafoni ankapalasira njinga mpaka ku Migowi, dzuwa likuswa mtengo, kukangotchajitsa foni yong'aluka.