Lupanga Limene Ndinakwecha

Chaka changa chachiwiri pa yunivesite ku Coventry ndinapeza ganyu ya Loweruka ku Birmingham, m'kashopu ka mdala wina wachizungu wokonza malupanga akale. Yanga inali yosesa ndi kupukuta magalasi. Malupangawo ankagwira okha mdalayo, atavala magolovesi, n'kumasisita ndi kathonje konyika m'mafuta ngati akutsuka chilonda. Ine zinkanditopetsa kuonerera. Munthu wamkulu tsiku lonse pa kamalo konga chikhadabo!

Loweruka lina kunabwera mayi wokalamba wa ku Longbridge ndi lupanga la agogo awo aamuna amene anali msilikali. Anati pansi pa dzimbiri panali dzina la agogowo, ndipo ankafuna kuliwerenga maso asanawathere. Mayiwo atapita, mdala anandiuza m'Chingelezi kuti ndiliyeretse, iwo akuthamangira ku Stoke kukaona katundu. Iwo ankanena zochotsa fumbi chabe.

Koma ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankakubweza nayo poto ngati sakudzionera nkhope kunsi kwake. Kwathu kuyeretsa chitsulo n'kukwecha, palibenso china. Ndinakatenga sitilo wulu kusinki, n'kupinda manja a juzi. Ndinakwecha, abale! Pofika masana lupanga lija linali waliwali, ine mumtima ndikuti lero azungu aphunzire ntchito.

Mdala atabwera analiyang'ana, n'kukhala pansi osavula ndi chikhoti chomwe. Kenako anandifotokozera mosakweza mawu. Kuda kumene ndinkayesa litsiro kunali utoto wowotchera pachitsulo. Maluwa ndi zilembo, amisiri amene anasula lupangalo anazilocha ndi asidi pamwamba penipeni, n'kupakamo golide. Zonsezo zinali zitapita ndi madzi a musinki. Mdala anayesa masabata awiri kuzibwezeretsa ndi mankhwala awo, koma chinaoneka ndi mchira wa chilembo chimodzi.

Tsiku lodzatenga ndinapempha kuti ndinene ndekha. Ndinati, “Mayi, ndine ndalakwa, dzina lija ndalifufuta.” Anavala magalasi, n'kupendeketsa lupangalo cha kuwindo, chala chikuyenda pamene panali zilembo.

“Agogowo sindinawaonepo,” anatero mayiwo. “Ndimangofuna ndione mmene linalembedwera.”

Analikulunga m'thaulo limene anabwera nalo. Ali pakhomo anatembenuka n'kundithokoza poti ndavutika nalo. Mpaka lero zimandiwawa. Bola akananditukwana.