Chipolopolo Chimene Bambo Anawombera M'chulu

1. ZA MFUTI YA PA ESITETI YA KU CHISEMPHERE
Wolemba: Witimani Yohane Mwale

Ine mwini dzina lili pamwambali ndikufuna kufotokoza kuti fungo la mafuta a mfuti limandikumbutsa dzinja limene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Fodya wa bale anali atapachikidwa m'zigafa, manja a mayi anali akuda ndi utomoni wake, ndipo chimanga chinali chitabereka. Nguluwe zochokera m'nkhalango zinkagwetsa mapesi m'minda ya matenanti m'mawa uliwonse.

Pa chifukwa chimenechi, eni esiteti analamula kuti pakhale mlonda mmodzi yekha, wodziwa mfuti. Bambo anga, amene ankalonda ndi chibonga, anauzidwa kuti apikisane ndi a Jere, msilikali wopuma ntchito. Bambo akanagonja, tikanachoka m'nyumba ya pa esiteti, pomwe kwathu ku Phalombe tinalibe munda.

Pa tsiku la mpikisanowo akapitawo anakhomera chivundikiro cha diramu pamtengo wa muwanga, nabweretsa mfuti imene anaipukuta okha mpaka mafuta kumadontha kukamwa kwa mpope. Munthu aliyense anapatsidwa zipolopolo zitatu. Bambo anasuzumira mumpopemo, napempha mwaulemu kuti choyamba awombere m'chulu.

"Chimenecho tiwerenga kuti mwaphonya, a Mwale," anatero akapitawo.

"Werengani, bwana."

"Kodi chiswe chakudyerani chiyani, achimwene?" anafuula a Jere, anthu n'kuseka. Mayi anandifinya phewa mpaka kuwawa.

Dothi la chulu linafumbuka. Kenaka bambo anagwada, napuma kawiri, ndipo zipolopolo ziwiri zotsalazo zinaboola pakati pa chivundikiro moyandikana, moti chikhatho changa chikanaphimba mabowo onse. A Jere, potsata mwambo wa kuusilikali, anakana kugwira mfuti yakuda ndi mwaye. Anaipukutanso ndi kansalu konyowa mafuta. Chipolopolo chawo choyamba chinapita pamwamba n'kusadzula khungwa la muwanga, chachiwiri chinakhudza m'mphepete, chachitatu chokha n'chimene chinalowa bwino. A Jere anavula chipewa, nagwira bambo chanza. Ntchito ya ulonda ija inakhala ya bambo.

Dzinja lonselo ndinkaona bambo Loweruka lililonse atakhala pamphasa pakhonde, akulowetsa kansalu mumpope kuchokera kumbuyo, osati kukamwa, kuopa kukanda malo amene chipolopolo chimatulukira. Ankaumitsa mkatimo ndi nsalu ina youma, chifukwa chinyezi cha mvula chimabala dzimbiri. Akatha, ankapita kuchulu kuja n'kuwomberamo kamodzi. Chimanga chaka chimenecho chinafika m'nkhokwe.

Kusukulu ndinkauza anzanga motsimikiza kuti bambo anga amapereka nsembe kwa mizimu ya m'chulu, ndipo palibe ankalimba mtima kundimenya. Ndinadziwa zoona zake nditakula: mafuta otsalira mumpope amapatutsa chipolopolo choyamba, ndipo mfuti imalunjika mofanana pakakhala mwaye wochepa mkatimo. Bambo sanawerengepo zimenezi m'buku lililonse. Anangoziona ndi maso awo, ndipo anazikhulupirira mokwanira kutaya mwayi umodzi mwa itatu pamaso pa anthu owaseka, ana asanu tikuyembekeza kumva ngati tigonabe m'nyumba ija.

Ndatha ine wanu,
W. Y. Mwale
Lachiwiri, tsiku lakhumi ndi chimodzi la mwezi wa Malichi