Opaleshoni Yopanda Chipsera

Amuna anga anali mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Kamwendo. Loweruka lina m'mawa tikukumba mtedza, anaponya khasu n'kugwira mutu ndi manja onse.

"Mayi, mutuwu ukukhala ngati wina wautema ndi nkhwangwa," anatero. Kenako anasanza, khosi n'kuuma gwa.

Tinawanyamula pangolo mpaka kumsewu. Kuchipatala cha paboma anatitumiza ku Lilongwe, a ku Lilongwe n'kutitumizanso ku Blantyre komwe kunali makina ojambula m'mutu. Dokotala wa kumeneko anandikhazika pansi.

"Munaonapo chubu cha njinga chitatupa pamalo pofooka? Mitsempha ya magazi muubongo mwawo yatupa malo atatu. Pena paphulika kale, magazi n'kutayikira mkati. Pawiri patsala. Kuno sitingathe."

Amuna anga analembedwa pamndandanda wa odwala opita kunja, ndipo tinadikira miyezi isanu. Ndinkangokhalira kukwera minibasi ndi envulopu ya makalata, maofesi onse yankho lake limodzi: mubwerenso. Kunyumba akangotsokomola, ine mtima phaa. Mantha nawo amatopetsa. Pofika mwezi wachinayi ndinkawamva akubuula koma thupi langa osafuna kunyamuka pampando.

Pomaliza anatitumiza ku Joni, komwe madokotala sanawang'ambe mutu. Anaboola pang'ono pamphechepeche, n'kulowetsa kachubu kowonda mumtsempha kukwera mpaka kumutu, n'kudzaza zotupazo ndi timawaya tofewa topotana kuti magazi asalowemonso. Ziwiri anatseka tsiku limodzi, chachitatu patatha milungu iwiri. Ine ndinali pabenchi panja, miyendo itatupa, chilankhulo cha anzanga odikirira osachimva.

Titabwerera kumudzi, apongozi anga aakazi anavula mwana wawoyo chipewa n'kuwapapasa mutu wonse.

"Nanga anang'amba pati?"

"Sanang'ambe, amayi," anayankha amuna anga.

"Ndiye miyezi yonseyi mumakatani?"

Mwana wamwamuna sangaonetse mayi ake malo amene anaboolawo. Amuna anga anandiyang'ana kuti ndifotokoze ndine, koma ndinalibe mphamvu. Ndinalowa m'nyumba n'kudzigwetsa pamphasa nsapato zili kuphazi.

Kusukulu anabwerera, koma maina a ana ankawathawa, ndipo likafika dzuwa la masana maso ankalemera. Patatha zaka ziwiri anapuma pantchito. Anthu ankabwera kudzawazonda, onse kuthokoza Mulungu, inenso kuvomereza. Mlamu wanga wamkazi yekha ndi amene tsiku lina ananditsatira kuchitsime, n'kundilanda ndowa.

"Inu mwaonda kuposa odwalawo," anatero. "Khalani pansi, nditunga ndine."